Biguie': kodi mawuwa akunena za maluwa kapena za kuwerenga masiku?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo pa mawu awiri a chilankhulo cha Azapoteki a ku Juchitán, m'chigawo cha Oaxaca kummwera kwa Mexico. Eni akewo amadzitchula kuti Binnizá, anthu a m'mitambo, ndipo chilankhulo chawo ndi diidxazá. Mawuwo ndi Xandu' ndi biguie'.

Loyambalo silivuta. Xandu' ndi mwambo wolandira mizimu ya omwalira, umene ku Juchitán umachitika pa 30 ndi 31 Okutobala, mbali imodzi ya tauni tsiku loyamba, mbali inayo tsiku lachiwiri. Madera ambiri a Mexico amadikira 1 ndi 2 Novembala. Dzinali linachokera ku mawu a Chisipanishi oti santo, kunena tsiku la Oyera Onse. Banja likaferedwa, chaka choyamba limachita Xandu' yaa, ndipo yaa ndiye kuti chachiwisi, chatsopano. Chaka chachiwiri ndi Xandu' guiropa. Munthu amene wamwalira nyengoyi ili pafupi salandiridwa chaka chomwecho, amati mzimu wake sunafike kumene ukupita, nanga ubwerera bwanji kudzacheza? Ameneyo amadikira chaka chamawa.

Chimene chandiimika mutu ndi biguie', ena amalemba biyé'. Ndi guwa lakale la mwambowu. Amamanga chimango cha mitengo kapena bango, cha mbali zinayi, n'kuchikuta ndi maluwa achikasu onunkhira kwambiri otchedwa guie' biguá pamodzi ndi masamba obiriwira a guie' daana', pamwamba n'kuikapo kamtanda ka maluwa. Chimangochi amachitchula beedxe', dzina la jagwala, chilombo cha mawanga cha m'nkhalango za kumeneko. Amachiimika m'nyumba kutsogolo kwa tebulo loikapo zithunzi za oyera, pakati pa mitengo ya nthochi yodula yathunthu ndi mikoko yake. M'mbali amapachika malalanje, mandimu, ngole, nzimbe ndi buledi, pansi amayala mkeka wodzaza zipatso, makandulo akuyaka, utsi wa lubani wa copal uli tolo. Pamakhalanso chakudya ndi chakumwa chimene malemuyo ankakonda ali moyo. Mabanja ena m'malo mwake amamanga guwa la masitepe, nthawi zambiri asanu ndi awiri, limene linabwera ndi Chikatolika.

Tsono matanthauzo a biguie' amene amaperekedwa ndi awiri, ndipo sagwirizana.

Ena amawadula mawuwa pakati: bi ndi mphepo kapena mpweya, guie' ndi duwa. Ndiye amati ndi mpweya wa maluwa, fungo limene limatsogolera mzimu kubwerera kwawo. Zikumveka ndithu, makamaka ukaganizira kuti kumapeto kwa Okutobala kuderali kumayamba kuomba mphepo yamphamvu ya kumpoto, imene amaitcha bi yooxho', mphepo yokalamba, ndipo anthu amati ikayamba ndiye kuti akufa ali m'njira.

Ena amati ayi, biguie' ndi piye, dzina la kalendala yakale ya Azapoteki ya masiku 260, imene inkayenda pophatikiza manambala 13 ndi mayina a masiku 20. Wansembe wa chipani cha Adominikani, Juan de Córdova, analemba za kalendalayi m'mabuku ake a chilankhulochi a mu 1578.

Ine mtima wanga uli ku tanthauzo lachiwirili, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kalelo Mzapoteki ankatchedwa dzina la tsiku limene anabadwa. Pa mwala wina wosema wa ku San José Mogote, wa zaka za m'ma 600 Khristu asanabadwe, pali munthu wogona chagada, pakati pa miyendo yake atalembapo dzina la tsiku la m'kalendalayi. Ku Monte Albán, mzinda wa paphiri umene unayamba cha m'ma 500 Khristu asanabadwe, anthu ankaika akufa awo m'manda a pansi pa nyumba zimene ankakhalamo, n'kumatsegula mandawo kuti aikemo ena ndi kupereka nsembe. M'makoma ndi pa miyala ya mandawo makolo amadziwika ndi mayina a masiku awo. Ndiye kwa anthu amenewa, kuwerenga masiku ndi kutchula makolo zinali zinthu zoyendera limodzi. Sindikuona chodabwitsa ngati guwa loitanira makolo linatenga dzina la kalendala.

Koma pali pamene ndikupunthwa. Kalendala ya masiku 260 siyenda ndi chaka cha dzuwa, tsiku lake siligwera mwezi womwewo chaka chilichonse. Xandu' ya lero ili pa Okutobala mosasuntha, pafupi ndi tsiku la Oyera Onse. Kodi dzina lingatsale pamene kawerengedwe kake kanasiyidwa kalekale? Kapena tanthauzo la maluwalo ndilo lenileni, la kalendala n'la anthu ophunzira amene akufuna kulumikiza za lero ndi za makedzana? Amene munaphunzira za zilankhulo, ndiunikireni.

Yankho loyamba

Achimwene, funso lanu ndi labwino, ndipo kamvekedwe ka mawu kali kumbali yanu. Mawu ambiri amene Córdova analemba ndi p, ku Juchitán lero amayamba ndi b. Iye analemba peni, munthu, lero ndi binni. Analemba peche, lero ndi beedxe', jagwala yemwe mwamutchulayo. Choncho piye kukhala biyé' ndi njira yomweyo, palibe chokakamiza. Ndi mmenenso Xandu' inabwerera: s wa Chisipanishi amasanduka x, amene amamveka ngati zh, monga mesa, tebulo, inakhala mexa', ndi peso, ndalama, inakhala bexu. Pa nkhawa yanu ija, mawu kutsala ntchito yake itasintha si zachilendo. Okutobala amene mukumutchulayo amatanthauza mwezi wachisanu ndi chitatu m'Chilatini, koma lero ndi mwezi wakhumi. Komabe musataye tanthauzo la maluwalo. Anthu akamva guie' m'mawuwo, pamene maso awo akuona chimango chodzaza maluwa, tanthauzolo limakhala lamoyo kwa iwo ngakhale litakhala kuti linabwera pambuyo.

Yankho lachiwiri

Mwanawanga, ine za zilembozo ndisiyira anzanuwo. Chimene chandigwira mtima ndi choti wakufa kumene salandiridwa msanga. Kwathu kumudzi, maliro akachitika sitinkati zatha tsiku loika. Pankapita miyezi, mwina chaka, kenako mowa wa bona unkafululidwa, anthu n'kumeta kachiwiri, apo ndiye tinkati mzimu wakhazikika pakati pa makolo. Anthu a ku Mexico amenewa sitinaonanepo nawo, koma nawonso anaona kuti munthu sasanduka kholo tsiku limodzi. Ndifunse: guwalo amamanga ndi eni maliro okha?

Woyambitsa nkhani

Zikomo achimwene, peni ndi binni zandilimbitsa, ndipo za Okutobala zachotsa theka la nkhawa yanga. Theka linalo latsala chifukwa piye inali kalendala, pamene biguie' ndi chinthu chogwirika, cha mitengo ndi maluwa. Amene amalumikiza ziwirizi amati mbali zinayi za chimangocho zikuimira mbali zinayi za dziko, ndipo kalendala ija nayonso inkagawidwa panayi, masiku 65 gawo lililonse. Kugawa panayiko Córdova analembadi.

Agogo, ayi, samanga okha. Kusanafike tsikulo pamakhala mapemphero a masiku asanu ndi anayi pakhomopo. Tsiku lomanga, abambo a m'dera ndi achibale amalawirira kudzaimika nthochi ndi chimango, amayi amakhala akuphika tamale, ufa wa chimanga wokulunga m'masamba ndi nyama mkati. Amayi obwera kudzaona guwa amanyamula maluwa ndi kandulo, n'kupereka kandalama kothandizira, ndipo amabwerera ndi tamale ndi buledi. Amene wathandizidwa chaka chino adzapita kukathandiza mnzake likadzamugwera. Nyengoyi ikatha guwa amaliphwasula, zipatso n'kugawira anthu.

Palinso china chimene mwina chikukhudza funso langa la masiku. Pa Xandu' anthu a ku Juchitán sakhamukira kumanda monga amachitira madera ena a Mexico, chifukwa akufa ndiwo alendo, amabwera kunyumba. Amoyo amakabweza ulendowo pa Sabata Loyera. Manda akuluakulu awiri a m'tauniyi amatchedwa Domingo de Ramos ndi Miércoles Santo, kutanthauza Lamulungu la Kanjedza ndi Lachitatu Loyera, ndipo pa masiku amenewo mabanja amakatandala pa manda a abale awo ndi maluwa, chakudya ndi oimba mpaka usiku. Manda amawatcha yoo ba', ndipo yoo ndi nyumba. Masiku onsewa ndi a kalendala ya tchalitchi, koma kuyenderana kwa amoyo ndi akufa kumeneku, aliyense pa nthawi yake yoikika, sikuchokera m'katekisimu.

Achimwene, funso lina kwa inu: m'kalembedwe ka biguie' ndi biyé', gu ndi y zikusinthana. Kodi kusinthana kotere kumaonekanso m'mawu ena a diidxazá? Ngati kumaoneka, ndiye kuti guie' wa m'mawuwa angakhale kamvekedwe chabe, osati duwa.