Za masamu a mwana wanga zija

Ndinakufunsani mwezi watha kuti mwana wanga wa zaka 9, amene ndikumuphunzitsa pakhomo kuno ku Zomba, ayambire buku liti la masamu. Ambiri munati ndisayang'ane zaka, ndiyambe ndamuyesa. Ndinatenga mafunso a kumapeto kwa mitu m'mabuku a Sitandade 3 ndi 4, aja a Malawi Institute of Education ya ku Domasi.

Kuphatikiza amathamanga nako. Kuchotsera kobwereka ndiye kunamuvuta: pa 402 kuchotsa 178 anapeza 376, chifukwa amangochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu mzere uliwonse. Kugawa sikungayende pamenepo.

Tayambira Sitandade 3, koma tikudumpha mitu imene akuidziwa. Agogo ake akudandaula kuti tamubweza kalasi. Tawasiya adandaule.