Nkhuni za m'phiri ndi geni yanga ya mandasi, nditani?

A Admin, ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala chakuno ku Chitakale. Geni yanga ndi mandasi ndi zitumbuwa. Ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti opita kokathyola tiyi apeze beseni lili kale pamsewu.

Nkhuni ndimagula kwa mayi wina amene amatsika nazo m'phiri la Mulanje. Kale sindinkaganizako n'komwe. Koma chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nditaona miyala ikuluikulu ndi matope zitakwirira minda ya anthu, mtolo uliwonse ndikamalipira mtima umandiluma. Mwana wanga wa Fomu 2 anachita kundiuza kuti, "Amayi, inunso mukumaliza nawo phiri." Ndinamukalipira, koma mawuwo sakundichoka. Kwinaku utsi wandipweteka: khitchini yopanda zenera, mafuwa atatu, maso ofiira, chifuwa chatha mwezi osasiya.

Chondivuta n'chakuti mayi wa nkhuniyo ndi wamasiye, tili limodzi ku banki mkhonde. Ndalama imene amaponya Lachinayi ndi yomwe ndimamupatsa ineyo. Ndikasiya kugula ndimuyang'ana bwanji? Ndithandizeni nzeru, zonyoza ayi.

Ndemanga

Mayi, phiri lidikire kaye. Chifuwa chopitirira masabata awiri n'chopita nacho kuchipatala akayeze makhololo. Kuyeza TB ku chipatala cha boma n'kwaulere. Mukagona inu, mandasiwo akazinga ndani?

Ine wa ku Luchenza, geni yomweyo. Pezani chitetezo mbaula, yadothi ija. Kwanga mtolo umene unkatha masiku awiri pano ukumafika anayi, utsinso unachepa. Ndimaphatikiza mitengo ya nandolo ndi zitsononkho. Koma ndikuchenjezeni, nandolo amalilima n'kutha msanga, mukamuika wambiri pamoto, mafuta amapsa, mandasi amada kunja mkati ali osapsa. Muziika pang'onopang'ono. Ndipo boolani khomalo, njerwa zinayi zokha, utsi uzituluka.

Aaa, phiri akulimaliza ndi amandasi? Ocheka mkungudza ndi owotcha makala bwanji simukuwatchula? Kazingani mandasi mayi, musadzipatse BP.

Achimwene, ocheka mkungudza alipodi, koma madzi akamatsika safunsa kuti anadula ndani. Mayi, mnzanuyo musamusiye pamtunda. Muzikazinga ambiri, iye azitenga beseni lachiwiri kukagulitsa ku Limbuli kapena pa depoti, muzigawana phindu. Kusenza mtolo kuchokera kumtunda kuja si ntchito yoti munthu angaikakamire atapeza ina.

Yankho la mwini funso

Zikomo nonse. Kuchipatala ndipita Lolemba. Za beseni lachiwiri ndakambirana naye madzulo ano, waseka, akuti amachita manyazi kuitanira malonda koma ayesa Loweruka. A ku Luchenza, chiwaya changa n'chachikulu, cholowa malita 5 a mafuta. Chingakhazikike pa mbaulayo osapendekeka?