Mkodzo wanga wa fetereza ukuwawasa kwambiri, thandizeni

Akuluakulu, ndili ku Nkhotakota kufupi ndi Chia, ndimalima masamba kudimba. Fetereza wadula, ndiye timasunga mkodzo wa m'chimbudzi cha ecosan (chimbudzi chopangira manyowa) m'mgolo. Ukakhalitsa, urea wa mumkodzomo amasanduka ammonia, pH (muyeso wa kuwawasa: nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka) imafika 9, ndipo fungo loboola mphunolo ndi nayitrojeni amene akuthawa. Ndinaika kapampu kouzira mpweya ndi dothi la kudimba kuti mabakiteriya ngati Nitrosomonas asandutse ammonia kukhala nitrite, anzawo Nitrobacter amalize kukhala nitrate, nayitrojeni wosathawa amene mbewu zimadya.

Poyamba zinayenda bwino. Fungo linatha, pH inaima pa 6, pomwe mabakiteriya wambawa amafooka. Koma sabata ino timapepala toyezera tikusonyeza 4, ndipo ikutsikabe. Ndikukayikira mabakiteriya ena opirira asidi, otchedwa Nitrosacidococcus, omwe amatha kuitsitsa pansi pa 3. Zikafika pamenepo opanga nitrate amafa, nayitrojeni n'kumatuluka ngati mpweya woipa. Zikundiwawa, miyezi itatu ana akhala akunyamula zigubu m'mawa uliwonse.

Kodi ndithire phulusa kapena laimu? Kapena ndizimitse pampu n'kuwonjezera mkodzo wosungidwa? Nanga wowawasawu ndingathirire mpiru osaupsereza? Amene munayesapo, chonde ndiuzeni musanandiuze kuti nditaye.