Silinda 3 ikutentha kwambiri ndege ikamakwera

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru pa ndege yomanga tokha ya mipando iwiri, injini ya Lycoming O-320, yomwe tikuiyesa kuno ku Lilongwe.

Ikangonyamuka, kutentha kwa mutu wa silinda (CHT) pa silinda 3, yakumbuyo kumanja, kukufika 450°F pomwe zinazo zili pafupi ndi 400°F. Malire a Lycoming ndi 500°F, koma sindikufuna kuyandikira kumeneko. Oyilo ali bwino, 200°F.

Tamata mipata ya baffle (timalata tolondolera mpweya woziziritsa ku masilinda) ndi silikoni, taona kuti malabala ake onse akupindikira mkati, timing (nthawi yomwe mapulagi amayaka) ili pa madigiri 25, ndipo tasinthanitsa ma probe oyezera kutentha kuti titsimikize kuti geji sikunama. Tikukweranso pang'onopang'ono koma ndege ikuthamanga liwiro lalikulu, m'mamawa kusanatenthe. Kutentha kwatsikako pang'ono chabe.

Chondivuta n'chakuti injiniyi ndi yatsopano, ma ring a mapisitoni akufuna mphamvu zambiri kuti akhazikike, choncho kubweza throttle (kuchepetsa mphamvu ya injini) sikungathandize. Komanso Lilongwe ili pamwamba kupitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopepuka, makamaka Okutobala uno.

Kodi ndiike washer kuseri kwa baffle ya silinda 3 kuti mpweya uzidutsa, kapena ndiyambe ndayeza pressure pamwamba ndi pansi pa injini ndisanakulitse potulukira mpweya pa cowling (chivundikiro cha injini)?