ACC ikumanga mabuleki popitirira thiraki, koma ikuchedwa kuona ya kutsogolo

Woyang'anira magalimoto a kampani:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru pa zinthu ziwiri. Tili ndi magalimoto a mtundu umodzi okhala ndi adaptive cruise control (ACC), chipangizo chosunga liwiro limene dalaivala waika n'kumachepetsa chokha galimoto ikayandikira ina kutsogolo, ndipo imodzi yasintha khalidwe chibwerereni kugalaja komwe anaisintha bampala ndi girilo. ACC ikayatsidwa, imamanga mabuleki yokha ikamapitirira thiraki yomwe ili mumzere wina, pamene galimoto yomwe ili kutsogolo kwake kwenikweni imachedwa kuiona. Padashibodi palibe nyali yachenjezo. Chachiwiri, madalaivala agawikana. Ena akuti ACC imaima yokha pakakhala chilichonse kutsogolo, ena akuti ndi msampha. Ndikufuna kulemba malangizo a onse. Aidalire mpaka pati?

Wamagetsi a galimoto:
Tiyambe ndi yodwalayo, bwana. Radar, chipangizo chimene ACC imaonera kutsogolo potumiza mafunde, yayang'ana kumbali. Imakhala kuseri kwa chizindikiro cha pagirilo kapena kunsi kwa bampala, pa kabulaketi kachitsulo kopyapyala. Galimoto ikagundidwa kutsogolo kabulaketiko kamapindika, kapena akamabwezeretsa amangomanga ndi maso osachuna. Zikuoneka zazing'ono koma werengani: radar ikapotoka ndi digiri imodzi, pa mamita 100 imakhala ikuyang'ana mamita 1.7 kumbali. Madigiri awiri ndi mamita 3.5, womwe ndi mzere wathunthu wa msewu. N'chifukwa chake thiraki ya mumzere wina ikuiyesa yanu, yanu yeniyeni n'kumaiona mochedwa. Nyali siyaka chifukwa radar yokhayo ili bwino, ikutumiza ndi kulandira. Kompyuta imadandaula kupotokako kukapyola malire ake, ndipo ina imazindikira patapita ulendo wautali.

Musanailowetse pa calibration, kutanthauza kuchuna radar kuti iyang'ane molunjika, onani izi. Girilo ndi chizindikiro zikhale za galimoto ya radar. Chizindikiro chake chimakhala chosalala ngati galasi, chopangidwa kuti mafunde a radar adutse, ndipo chofanana nacho cha galimoto yopanda ACC sichigwira ntchito. Ngati radar ili kuseri kwa bampala, pamalo pamenepo pasakhale filler, penti yokhuthala, stika kapena nambala. Bulaketi yopindika musinthe, osawongola ndi pulayasi.

Makaniko wa miyendo ya galimoto:
Ndiwonjezere pamenepo. Musachune radar musanapange wheel alignment ya matayala onse anayi. Galimoto imalunjika kumene matayala akumbuyo akuikankhira, ndiye ngati ngoziyo inakhudza miyendo, mudzachunira radar ku mzere wolakwika n'kubwereranso. Dongosolo ndi ili: mpweya wa matayala ufike pa muyezo wolembedwa pachitseko, matayala akhale a saizi imodzi, katundu atsitsidwe, alignment ichitike, sensa ya chiwongolero ibwezeretsedwe pa ziro, kenako radar. Pochuna pamafunika pansi posapendekeka, chandamale cha mtundu wa galimotoyo pa mtunda womwe buku la wopanga lanena, ndi kompyuta yoyezera. Kutsogolo kusakhale zitsulo zina zobweza mafunde. Mitundu ina imamaliza kudzichuna ikuyenda pamsewu wowongoka, kompyuta ili yolumikizidwa. Ngati anasinthanso galasi lakutsogolo, kamera ya kuseri kwa kalilole nayo ichunidwe, chifukwa pa magalimoto ambiri ziwirizi zimagwirira limodzi.

Mpaka zimenezi zitachitika, dalaivala wa galimoto imeneyo asayatse ACC. Ndipo dziwani kuti mabuleki odzidzimukira, amene amamanga okha galimoto ikatsala pang'ono kugunda, amadalira radar yomweyo.

Dalaivala wa maulendo ataliatali:
Ine ndinene mosapsatira, madala: ingoletsani zonse. Munthu akachotsa phazi pa pedulo, maganizo nawo amachoka pamsewu. Wopanda ACC amadziwa kuti zonse zili kwa iye.

Mphunzitsi wa madalaivala:
Kuletsa sikuthandiza, achimwene, chifukwa batani lili pachiwongolero ndipo adzalidinabe, osaphunzitsidwa. Kuli bwino adziwe chimene chipangizochi chimatha. Chimatha chinthu chimodzi bwino kwambiri: kusunga mpata kumbuyo kwa galimoto imene ikuyenda, yomwe yaigwira kale, pamsewu wowongoka. Pamenepo imaposa munthu, sitopa ndipo sisendera pang'onopang'ono ngati mmene amachitira dalaivala wotopa. Kupitirira apo, ntchito ndi ya phazi.

Chifukwa chake ndi mphamvu ya mabuleki. ACC inapangidwa kuti isagwedeze anthu m'galimoto, ndiye muyezo wa ISO 15622 umaiikira malire a pafupifupi 3.5 m/s² pa liwiro lalikulu. Kunena kwina, imachotsa pafupifupi 13 km/h pa sekondi iliyonse. Phazi la munthu pa phula louma, matayala ali abwino, limafika pa 8 m/s², pafupifupi 29 km/h pa sekondi. Pa 100 km/h galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi. Ndi mabuleki a ACC imafuna mamita 110 kuti iime, pamene phazi limafuna mamita 48, tisanawerengere nthawi yoti munthu adzidzimuke. Pa 120 km/h ACC imafuna pafupifupi mamita 160, ndipo radar zambiri zimaona mamita 150 mpaka 200 kukakhala kowongoka. Mpata wotsala ndi wochepa kwambiri ngakhale zonse zitayenda bwino. Ikafika pamalire ake imangolira ndi kuthwanimitsa chenjezo. Kulirako tanthauzo lake ndi lakuti "ponda wekha tsopano", osati "ndikuona, usadandaule".

Wamagetsi a galimoto:
Ndipo zonsezo ndi ngati yaiona. Vuto lalikulu ndi chinthu choima. Radar imayeza mtunda ndi kusiyana kwa liwiro. Kwa iyo, mlatho wodutsa pamwamba, chikwangwani, zitsulo zam'mbali mwa msewu ndi thiraki yofera pakati pa msewu zonse zikubwera pa liwiro limodzi. Ikanati izimangira chilichonse choima, bwenzi ikumanga mabuleki pansi pa mlatho uliwonse. Ndiye opanga anaiuza kuti pa liwiro lalikulu isamasamale zinthu zimene sinazionepo zikuyenda. Zatsopano zophatikiza kamera zachepetsako vutoli, koma mabuku ake amachenjezabe.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Mwaika 110, mukutsatira galimoto yoyenda 80. Iyo yapatuka mwadzidzidzi kuzemba thiraki yoima. ACC yanu yaona kuti kutsogolo kwatseguka, yayamba kuwonjezera moto kubwerera ku 110, kulunjika pa thirakiyo. Chomwecho chimachitika pakona yakuthwa, pamwamba pa chitunda, ndiponso mukamapatuka kuchoka mumsewu waukulu: yakutsogolo ikachoka m'maso mwa radar, yanu imathamanga pamalo ofunika kuchepetsa.

Woyang'anira magalimoto a kampani:
Nanga mabuleki odzidzimukira aja sagwira pamenepo? Madalaivala ena akudalira amenewo.

Mphunzitsi wa madalaivala:
Ndi chipangizo china, ndipo chimadikira mpaka kugunda kutatsala pang'ono. Pa liwiro la m'tauni chimatha kuimitsa galimoto. Pa 100 km/h nthawi zambiri chimangochepetsa mphamvu ya kugundako, mwinanso osagwira n'komwe. Wochiwerengera akuwerengera kugunda pang'ono, osati kupulumuka.

Pali zinanso zomwe ACC imaona mochedwa kapena osaona: njinga yamoto yoyenda m'mphepete mwa mzere, njinga yakapalasa, munthu wapansi, ziweto, ngolo yaitali kuchokera pansi, katundu wotulukira kumbuyo kwa thiraki monga mapaipi kapena matabwa, ndi galimoto yolowerera pafupi kutsogolo kwanu. Yolowererayo imayamba kuiwerengera ikalowa ndithu mumzere, pamene munthu amakhala ataona kale tayala likukhota.

Pa mpata, timizere ta padashibodi tosonyeza mpata umene mwasankha si mamita, ndi nthawi. Kamzere kamodzi ndi pafupifupi sekondi imodzi, mamita 28 pa 100 km/h. Onse akayaka ndi masekondi awiri kapena kupitirira pang'ono. Lembani kuti aziika wautali nthawi zonse. Wamfupi uja susiyira munthu nthawi yolanda ntchito ACC ikalephera.

Dalaivala wa maulendo ataliatali:
Chabwino, ndavomera kuti kuletsa n'kovuta. Koma mulembemo zitatu zimene ambiri sadziwa. Phazi likangotsamira pa moto ngakhale pang'ono, ACC simanga mabuleki, imayesa kuti mwalanda dala. Chachiwiri, pamtsetse wautali imagwira liwiro ndi mabuleki, ndipo galimoto ikakhala yolemera kapena ikukoka ngolo mabulekiwo amatentha. Pamenepo zimitsani, tsitsani giya. Chachitatu ndi batani la RES, lobwezeretsa liwiro limene munaika kale. Mwayenda 60 kwa nthawi, mwaiwala kuti munaika 120, mwadina, galimoto n'kunyamuka.

Wamagetsi a galimoto:
Zoona zimenezo. Onjezerani kuti si ACC zonse zimafika poima. Zakale zambiri zimadzichotsa liwiro likatsika pa 30 kapena 40 km/h, zimalira kamodzi n'kusiya mabuleki, galimoto n'kumangoyenderera. Zofika poima nazo, zikaima kupitirira masekondi atatu kapena apo, zambiri zimadikira kuti mudine RES kapena mugunde moto. Ndiye dalaivala wosinthasintha magalimoto aziyamba wadziwa kuti yomwe wakwera ndi iti.

Pa Toyota zambiri za Dynamic Radar Cruise Control, mukagwira batani loyatsira kwa sekondi imodzi ndi theka, imalowa mu cruise control wamba wosayang'ana kutsogolo. Honda nayo ili ndi njira yake yosinthira chimodzimodzi. Chizindikiro cha padashibodi chimasiyana pang'ono chabe, cha ACC chimakhala ndi kachithunzi ka galimoto. Munthu akhoza kuyenda akuyesa kuti radar ikulondera pamene ili chete.

Makaniko wa miyendo ya galimoto:
Za nyengo musaiwale. Radar imapirira mvula yapakatikati, koma matope kapena tizilombo tikamata kumaso kwake imachita khungu. Kamera imavutika ndi chifunga, mvula yamphamvu, fumbi ndi dzuwa lowomba m'maso. ACC zodalira kamera yokha, monga EyeSight ya Subaru, zimadzichotsa msanga zikatero. Pamsewu woterera kapena wafumbi ACC isayatsidwe n'komwe, chifukwa sidziwa kuti matayala akugwira bwanji. Imasunga masekondi omwewo pouma ndi ponyowa.

Ndipo ACC ikamadzizimitsa yokha popanda chifukwa, musathamangire kugula radar. Kawirikawiri ndi swichi ya magetsi a mabuleki, sensa ya ABS (chipangizo choletsa matayala kuuma pomanga mabuleki) pa tayala limodzi, batire lofooka kapena tayala losiyana ndi anzake. Werengani ndi kompyuta makodi osonyeza vuto a ABS ndi a injini, osati a radar yokha. Bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo) ndi kukweza galimoto nazo zimasokoneza, choncho pa magalimoto amenewa musalole zoikaika popanda kufunsa wopanga.

Woyang'anira magalimoto a kampani:
Zikomo akuluakulu. Tachotsa girilo, bulaketi ndi yopindika mbali imodzi, ndipo pa pepala la ntchito palibe calibration. Ikupita ku alignment, bulaketi yatsopano, kenako kuchuna. M'malangizo ndalemba kuti ACC ndi ya msewu waukulu wowongoka, wouma, wooneka patali, mpata wautali, phazi pafupi ndi buleki, osati lopinda pansi pa mpando, akaona zoima kutsogolo, kona, mphambano kapena yakutsogolo ikupatuka, aponde okha osadikira kulira. Chatsala n'chiyani?

Wamagetsi a galimoto:
Kuyesa ikatuluka. Akupatseni pepala la pakompyuta losonyeza madigiri asanachune ndi atachuna. Kenako pamsewu wa mizere iwiri yolowera kumodzi, nthawi yopanda magalimoto ambiri, wina ayendetse wina akhale ndi kompyuta akuona mtunda umene radar ikuwerenga. Tsatirani galimoto pa 80 km/h, onani ngati kachithunzi kake kakuyaka patali osazimazima. Mukatero pitirirani yoyenda pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri ngati malamulo a msewuwo akulola. Ikagwirabe ya mumzere wina, bwererani mukaone chizindikiro cha pagirilo ngati ndi cha radar.