Mimba pa zaka 43, ndithandizeni maganizo

Moni amayi anzanga mugulu muno. Ndili ndi zaka 43, ndimakhala ku Zomba, ana atatu womaliza ali Fomu 2, pano ndapezeka ndi mimba ya miyezi itatu ine ndimayesa ndikusiya kusamba. Kusikelo anandiyeza BP ndi shuga nkuti ndisamajombe poti pamsinkhu uwu BP imakwera msanga komanso chiopsezo choti mwana abadwe ndi Down syndrome (vuto lobadwa nalo lochedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru) chimakula, koma mzere unali wautali anesi sanafotokoze zambiri. Ndafunsa achemwali, iwo yawo ndi yoti ndichititsa ana manyazi basi, abambo akunyumba angoti zii. Alipo anachirapo bwinobwino atadutsa zaka 40? Nanga sikani yoona mwana imapangidwa pa miyezi ingati, kuchipatala cha boma imapezeka?