Za foni ija ndinkafunsa: ndinatenga Galaxy A35

Ndabweranso abale. Paja ndinafunsa kuti pakati pa Samsung Galaxy A35 ndi Redmi Note 13 ndigule iti. Ambiri munati Redmi chifukwa ndi yotsikirapo mtengo, koma ine ndinatenga A35.

Chinandikoka ndi IP67, kutanthauza kuti fumbi ndi madzi sizilowa wamba. Fumbi la mu Lilongwe muno mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Batire ndi ya 5000mAh, ndipo imandifikitsa madzulo ngakhale magetsi atazima tsiku lonse, bola osakhalira TikTok. Sikirini ya mainchesi 6.6 imaoneka bwino ndithu ngakhale padzuwa. Kamera ya 50MP masana imajambula mochititsa kaso, usiku ndiye pang'ono chabe.

Koma dziwani izi musanatulutse ndalama: m'bokosi mulibe tchaja, muli chingwe chokha. Ya 25W mugula padera, pomwe Redmi imabwera ndi yake ya 33W. Pa A35 pobayira mahedifoni a chingwe palibenso.

Za mtengo, kwacha yathuyi sikhazikika, ndiye yendani kaye. Ine ndinafunsa ku Area 2 ndi ku Gateway Mall, mitengo inasiyana kwambiri. Imbani *#06# muone ngati IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foniyo, ikufanana ndi ya pabokosi, ndipo risiti musaisiye.